Nyanja ya M'nyumba ya Adona

Ana anga, Misozi ndi Daliso, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi mutakula: za ubwana wanga mwazimva kale kwa azakhali anu, ndipo sizisiyana ndi za mwana aliyense wa ku Pembamoyo. Ndiyambira pa ntchito. Paboma mpaka lero amanditcha Mbewe wa nsomba, ena mwaulemu, ena monyodola. Ndikufuna mudziwe mmene dzinali linabwerera ndi mmene ntchitoyo inathera, chifukwa zimene mwamva pamsika n'zoduka mutu.

1987 mpaka 1995: Maiwe a boma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kunthambi ya boma yoona za nsomba, konkuno ku Chadiza. Anandilemba ngati wosamalira maiwe. Tinkaswetsa nsomba m'maiwe a kuseri kwa maofesi, ndipo tiana take tikafika msinkhu wa chala ndinkatipititsa kwa alimi amene anakumba maiwe awo ku Zingalume ndi kwathu ku Pembamoyo. Galimoto ya ofesi inalipo, koma nthawi zambiri inkakhala pamiyala, matayala atachotsedwa. Choncho ndinkamanga zidebe panjinga, n'kumaima pamtsinje uliwonse kusintha madzi kuti tinsombato tisakomoke. Bwana wanga anali a Sakala, munthu wamtali wosakonda zolankhulalankhula. Chakudya cha nsomba chikasowa ankapita okha kuchigayo kukapempha gaga, tayi ili m'khosi. Tsiku langa loyamba anandiimika m'mbali mwa dziwe kwa nthawi yaitali tikuyang'ana m'madzi, kenako anati, "Mbewe, mbuzi ikadwala imalira, mwana akadwala amalira. Izi sizilira. Ukachedwa kuona, udzaziona zitayandama." Sukulu yanga yonse ya nsomba inali yomweyo, kuyang'ana.

Mu 1995 boma linachepetsa antchito, ine ndinali m'gulu la ochotsedwa. Iwe Misozi unali utangoyamba sukulu, Daliso ali kumbuyo kwa amayi anu. Tinabwerera ku Pembamoyo kukagwira khasu, ndipo ndinkaganiza kuti za nsomba zathera pomwepo.

1996: Kwa a Yusufu

Chaka chotsatira kunabwera lole kudzagula mtedza m'mudzi, dalaivala wake n'kunena kuti abwana ake akufuna munthu wodziwa nsomba. Abwanawo anali a Yusufu, mmwenye wobadwira ku Chipata, amene anali ndi sitolo paboma ndi nyumba yaikulu kunja pang'ono, panjira ya ku Zingalume. Chichewa ankachilankhula ngati anakulira m'mudzi mwathu. Ndinawapeza pasikelo yopimira mtedza, thukuta lili kamukamu.

"Ndiwe unkaweta nsomba za boma?" anandifunsa.

"Ndine, bwana."

"Nyanja yamchere unaionapo?"

"Iyayi, bwana. Ndimangoimva akamawerenga kutchalitchi."

Anaseka, n'kupukuta manja pathalauza. "Tiye ukaione ikumangidwa."

Kunyumbako anali atagumula khoma pakati pa zipinda ziwiri, n'kuikamo thanki yagalasi yaitali ngati minibasi, yokwera mpaka m'khosi mwanga nditaima. Galasi lake linali lochindikala mwakuti ukagogoda silinkalira. Kuseri kwake kunali kachipinda kodzaza mapaipi ndi mapampu. Munalibe madzi, munali kalipentala atakhala pansi akudya mbatata. Ndinaganiza kuti chuma chawazunguza mutu abwanawa, mpaka pamene anandiuza chifukwa chake. Mkazi wawo, amene tonse tinkawatcha Adona koma dzina lawo linali Zainabu, anali wa pachilumba china cha kugombe la Mozambiki, kumene mwana amaphunzira kusambira asanaphunzire kuyenda bwino. Nkhondo ya kumeneko inamwaza abale awo, ena n'kufa, ndipo iwo anadzakwatiwa kuno, kudziko limene mitsinje yake imaphwa m'chilimwe. "Akungowonda, Mbewe," anatero a Yusufu. "Madokotala matenda sakuwapeza. Ndikawauza kuti tikaone kwawo amakana, akuti kulibenso wowadziwa. Ndiye ndati ngati iwo sapita kunyanja, nyanja ibwere kuno."

Kunabwera mzungu wina wa ku Joni kudzalumikiza zonse, ndipo ndiye anandiphunzitsa ntchito. Madzi ankachokera pachitsime chobowola cha pabwalo, chozama kwambiri, koma asanalowe m'thankimo ankayenera kudutsa m'masefa mpaka kuyera kuposa amvula. Mchere wake sunali wa kukhitchini, unkabwera m'zidebe kuchokera ku Joni. Madziwo sankayenera kuima, mapampu ankawayendetsa ngati mafunde. Koma chimene mzunguyo anachibwereza mpaka kundikwana chinali kutentha. Panali makina oziziritsa madzi, amene ife tinangowatcha firiji. "Iyi ikaima mwezi wotentha," anatero kudzera mwa a Yusufu amene ankamasulira, "zonse za m'menemu zidzafa, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono uli kuona."

1997 mpaka 2015: Kuweta mwala

Zoyamba kufika zinali miyala yokutidwa m'manyuzipepala onyowa. Patapita miyezi kunabwera nsomba m'matumba apulasitiki, zamitundu imene ndinkaganiza kuti imapezeka pazitenje pokha, kenako makorali. Ana anga, mudawaona muli aang'ono, koma adzukulu sanawaone, ndiye ndifotokoze. Korali ukaliona umati ndi mwala, ukaliyang'anitsitsa umati ndi duwa, koma ndi nyama. Lili ndi tipakamwa tambirimbiri timene timatseguka likamva chakudya m'madzi. Tsiku lina ndinawatcha miyala Adona ali pomwepo. Anali mayi wamfupi, wolankhula Chichewa chokokera kukamwa kwa kwawo, ndipo nthawi imeneyo ankalankhula mawu owerengeka patsiku. Anati, "Musawatche miyala, a Mbewe. Amadya, amakula, amamenyana akayandikana, amafa. Mwala umafa?"

Miyezi yoyambirira ankangolowa, kuviika chala m'madzi, kulawa, n'kunena kuti, "Mchere wakwana, koma fungo palibe," n'kutuluka. A Yusufu ankandiyang'ana ngati fungolo ndalibisa ine. Ndiye m'mawa wina, ndere zitamera pamiyala ndipo tizilombo ta m'nyanja titaswana m'mchenga, Adona anaima pakhomo la chipindacho n'kutseka maso. Anapuma mokoka kawiri. Kenako anaitana wophika, mayi Tembo, n'kumuuza kuti awabweretsere chakudya chawo momwemo. Anadya n'kumaliza. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anaitchanso thanki. Tonse tinkati nyanja.

Pakati pa makorali oyambawo panali kanthambi kamodzi kofanana ndi chala changa chachikulu, kobiriwira, kunsonga kwake kamtambo. Mzungu uja anali atanena kuti mtundu umenewo ndi wovuta, sungakhale kuno. Ndinakamatira pamwala wa pakati, pamene madzi ankathamanga kwambiri. Kanakhala chaka chathunthu osasintha, kenako kanayamba kuphuka nthambi, nthambizo n'kuphukanso zina, ngati nkhadze ya kumpanda. Dzina linakhala lomwelo, Nkhadze. Pofika nthawi imene iwe Daliso unkalemba mayeso a sekondale, Nkhadze inali itakula kuposa dengu lokololera, ndipo ndinkathyola nthambi zake n'kumazibzala pamiyala ina. Theka la nyanja yonse linali ana ake. Panalinso nsomba yachikasu, yopyapyala ngati tsamba, imene tinaitcha Mandimu. Inkandizindikira. Wina akafika pagalasi inkabisala, ine ndikafika inkabwera kudzatola chakudya pakati pa zala zanga.

Zosowa zinalipo zambiri. Chaka china lole ya mchere inakanirira kumalire nyengo yonse ya mvula, ndipo ndinkasefa madzi akale mobwerezabwereza. Mababu a nyale zounikira nyanjayo akapsa tinkadikira munthu wochokera ku Lusaka. Magetsi akazima, jenereta isanagulidwe, tinkavundula madzi ndi nkhafi imene kalipentala anatisemera, ine mbali ino, a Yusufu mbali inayo atavula malaya. Pasikelo anali munthu wouma mtima, alimi ankawadandaula, ndipo tchuthi changa sichinkapitirira masiku ochepa. Koma pa nkhafi paja tinkafanana, ndipo ankandiuza nkhani za ubwana wawo ku Chipata mpaka magetsi kuyaka.

Amayi anu sankaikonda ntchito imeneyi. "Anzanu akuweta ng'ombe," ankatero, "inu mukuweta mwala. Tsiku la ukwati wa Misozi tidzapha mwalawo?" M'midzi munayambanso mphekesera zoti a Yusufu akusunga zizimba za chuma m'nyumba. Adona atazimva anatsegula chitseko, n'kuuza amayi onse otunga madzi pampopi wa kunja kwa geti kuti alowe adzaone. Mpopi umenewo a Yusufu anauika kalekale kuti oyandikana nawo azitungapo. Amayiwo analowa atavula nsapato, n'kuima duu. Patapita nthawi mmodzi anafunsa kuti, "Nanga zimenezi zimadyedwa?" Adona anaseka mpaka kukhala pansi. Kanali koyamba ine kuwamva akuseka.

2016: Imfa ya a Yusufu

A Yusufu anadwala mtima. Asanawatengere kuchipatala ku Lusaka, kumene sanabwereko amoyo, anandiitanitsa m'chipinda cha nyanja. Anali pampando, mapazi atatupa. Anati, "Mbewe, sitolo ndi malole ndasiyira mwana wanga Faruki. Izo akazigulitsa ndi zake. Koma nyanja ndasiyira iwe. Amayiwa asadzakhalenso opanda kwawo." Ndinawayankha kuti ndamva. Sindinalumbire, koma kwa munthu amene akupita, mawu akuti ndamva ndi lumbiro.

Faruki, amene ndinamuona akukula, anasamutsira malonda ku Lusaka. Anafuna kutenga amayi ake koma anakana. Iye anachita zimene akanatha: anaika padenga masola otenga magetsi kudzuwa ndi mabatire ake, anakonzetsa jenereta, ndipo mchere sunasowenso. M'nyumba yaikulu ija tinatsala atatu, Adona, mayi Tembo ndi ine wobwera m'mawa n'kuweruka madzulo. Miyendo ya Adona inayamba kukana, ndipo mpando wawo tinauika moyang'anana ndi Nkhadze. Ankapemphera pomwepo, kudya pomwepo, kuwodzera pomwepo. Masiku ena ankandilozera nsomba n'kundiuza dzina lake m'chinenero cha kwawo, ndi mmene atate awo ankaigwirira. Maina a abale awo onse amene anatayika ndinawamvera m'chipinda chimenecho.

2024: Chilala

Chilala cha chaka chimenechi mukuchidziwa nonse. Mvula inadula chimanga chikumasula, minda n'kupsa ili chiimire. Magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, nthawi zina masiku otsatizana. Jenereta inagwira ntchito yoposa msinkhu wake mpaka inafa, ndipo chitsulo chimene chinathyoka sichinapezeke ku Chipata ngakhale ku Lusaka. Faruki anati wachiitanitsa kunja. Tinatsala ndi masola okha.

Pofika Seputembala mijigo ya m'midzi yozungulira inayamba kuuma umodziumodzi. Amayi ankakumba maenje mumchenga wa mumtsinje n'kumadikira timadzi tamatope, tomwenso ng'ombe zinkamwa. Chitsime cha a Yusufu chokha ndicho chinali chisanaume, ndipo mzere wa zigubu pampopi wa pageti unkatalika tsiku ndi tsiku, mpaka kukhota pamsewu. Ena ankabwera ndi ngolo kuchokera kutali.

Vuto linali ili. Mphamvu ya masola inkakwanira mapampu ang'onoang'ono oyendetsa madzi m'nyanja, ndi chinthu chimodzi chachikulu: pampu ya pachitsime kapena firiji. Ukayatsa zonse ziwiri, zonse zinkazima. Poyamba ndinagawa tsiku. M'mawa ndinkapopa madzi a anthu, dzuwa likakwera ndinkazimitsa pampu n'kuyatsa firiji. Koma chitsime nachonso chinali chitatsika. Chinkapereka pang'ono, n'kuyamba kukoka mpweya, n'kufuna kudikira kuti madzi abwererenso. Kuti onse atunge chinkafunika kupopedwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Choncho masana aliwonse ndinkapita pageti kukauza anthu kuti madzi atha, abwere mawa. Theka la mzere linkanyamula zigubu zopanda kanthu kulowera kumtsinje. Sankanditukwana. Ankangoti, "Zikomo, a Mbewe," n'kumapita, uku firiji ikumveka kulira kuseri kwa nyumba.

Kumayambiriro kwa Okutobala ana anayamba kutsegula m'mimba. M'mudzi wa kuseri kwa nyumbayo munamwalira kamtsikana ka mayi wina wotchedwa Tiwonenji, kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu. Ndinapita kumaliro. Titakhala pansi pa mtengo ndi amuna anzanga, mkulu wina wokalamba, a Zulu, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi, ananditembenukira n'kundipatsa moni mwaulemu wonse. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga nsomba zanu zadzuka bwanji, a Mbewe?" Palibe anaseka, palibe anawadzudzula. M'nyumba amayi anali kuimba. Sindikudziwa ngati Tiwonenji anali m'gulu la amene ndinawabweza sabata imeneyo. Nkhope zinali zambiri. Sindinafunse, ndipo mpaka lero sindinafunse.

Pobwerera amayi anu anayenda patsogolo. Titayandikira kunyumba anaima n'kunena kuti, "Atate a Misozi, ine sindikuuzani chochita, ntchito ndi yanu. Madzi amene mumatibweretsera panjinga aja musabweretsenso. Mawa ndikaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo ndikaima kumapeto. Mudzandibweze nokha."

Ndinaimbira foni Faruki n'kumufotokozera zonse. Anati, "A Mbewe, chitsulo chija chili m'njira. Dikirani pang'ono. Amayi mukuwadziwa kuposa ine. Mukazimitsa firiji ija mwazimitsa iwo." Ndinamufunsa kuti pang'onopo ndi liti. Anati sakudziwa, katundu akuchedwa kumalire.

Ndiye ndinapita kwa eni ake. Ndinawapeza pampando wawo, Mandimu ikuzungulira nthambi za Nkhadze. Ndinakhala pansi pasimenti, chinthu chimene sindinkachita, n'kuwauza za mzere, za kumtsinje, za mwana wa Tiwonenji. Ndinkayembekeza kuti anena okha kuti zimitsani. Anali mayi wachifundo, amene pa Ramadani ankagawira mpunga mudzi wonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali pagalasi.

"Boma lilipo," anatero. "Matchalitchi alipo. Atumize magalimoto a madzi."

"Akutumiza kwina, Adona. Kuno sanafike."

"Anthu amenewa ali kwawo, a Mbewe. Ali ndi abale, ali ndi manda a makolo awo pompano. Mvula ikagwa adzaiwala. Ine ndili ndi chiyani? Ndilozereni chimodzi chimene ndili nacho kunja kwa chipinda chino."



"Amuna anga anasiya izi m'manja mwanu," anapitiriza. "Ngati mukufuna kuzimitsa, dikirani ndife kaye. Sinditenga nthawi yaitali."

Ndinati, "Adona, ana sangadikire."

Anatembenuzira nkhope kumbali. Zokambirana zinathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinafika molawirira. Sindinafune kuchita mobisa. Ndinadikira mpaka mayi Tembo atawakhazika pampando, ndinawapatsa moni, n'kuwauza kuti lero firiji siyaka, ndipo siyakanso mpaka jenereta itakonzedwa kapena mvula itagwa. Ndinalowa m'kachipinda ka mapaipi n'kuzula waya wake pakhoma. Tsiku limenelo mpopi unatuluka madzi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo amayi anu, amene anaimadi kumapeto, anatunga.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinazimitsa nyale za pamwamba pa nyanja, ndinatsegula mawindo, ndinayala udzu padenga la chipindacho, ndinakuta galasi la kuseri ndi masaka onyowa. Zinathandiza masiku oyamba okha. Dzuwa la Okutobala uja silinali lokambirana nalo. Ukaviika mkono m'nyanja, madzi ankamveka ngati osambitsira khanda. Makorali anayamba kutseka tipakamwa tawo. Kenako mitundu inayamba kuthawa, wobiriwira kusanduka wotuwa, wotuwa kusanduka woyera. Nkhadze inayamba kuyera kuchokera kutsinde, kuyerako n'kumakwera nthambi ndi nthambi. Mtambo wa kunsonga uja ndiwo unatsalira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathamangira kukaona ngati ukadalipo. Tsiku lina ndinapeza mnofu wake ukusupuka ngati khungu la munthu wopsa ndi moto, ukuyandama m'madzi. Madzi anachita mbuu, fungo linasintha, nsomba zinayamba kupumira pamwamba. Ndinkazivuula ndi kaukonde m'mawa uliwonse n'kukazikwirira kuseri. Mandimu inalimba kuposa zonse. Inasiya kudya, koma ndikafika inkabwerabe pagalasi, mpaka tsiku limene sinabwere.

Adona anakana kuchotsedwa m'chipindamo. Mayi Tembo anawachonderera kuti fungo liwadwalitsa, iwo anakana. Anaona zonse, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Kwa ine sanalankhulenso. Akafuna kanthu ankati, "Mayi Tembo, auzeni abambowo atseke chitseko," ine ndili pomwepo. Chakudya ankangochilawa. Ndinkachoka pageti, pamene amayi ankaseka ndi kukangana za malo pamzere, ana akuthirana madzi otayikira, n'kulowa m'chipinda chimene mayi wokalamba ankayang'ana mafupa oyera. Mtunda wake unali waufupi, koma sindinayendepo ulendo wolemetsa ngati umenewo.

Chitsulo cha jenereta chinafika zonse zitatha. Faruki anabwera nacho yekha. Anaima kutsogolo kwa galasi nthawi yaitali, kenako anagwada pafupi ndi amayi ake, amene anali atatha ngati nthawi imene ine ndinkayamba ntchito. Madzulo anandiitanira pakhonde. Sanakalipe. Anati, "A Mbewe, sindinganene kuti munalakwa. Ndaona mzere uja. Mwina ine ndikanakhala kuno ndikanachita zomwezo, mwina ayi. Koma amayi ndikuwatenga, akakhale kwa azakhali anga ku Chipata, ndipo ntchito yanu yathera pano. Mupume." Anandipatsa zonse zoyenera munthu wopuma pantchito, osandidula kalikonse. Ndimuyamikire pa chinthu china: jenereta itakonzedwa anailumikiza kuchitsime, n'kusiya mlonda kuti mpopi usatsekedwe mpaka mvula.

Ntchito yanga yomaliza inali kukhuthula nyanja. Madziwo ndinawatayira pamsewu, kutali ndi minda ya anthu, chifukwa cha mchere. Ndinalowa m'thankimo opanda nsapato n'kutulutsa miyala umodziumodzi. Nkhadze ndinafuna kuitulutsa yathunthu, koma nditangoinyamula inathyokera m'manja mwanga. Amayi ena anapempha zidutswazo kuti akasinjire nkhuku zoikira, akuti zimalimbitsa mazira. Ndinawapatsa. Tsiku limene galimoto inatenga Adona ndinaima pageti chipewa chili m'manja. Anadutsa akuyang'ana kutsogolo.

2025: Ku Chipata

Mvula inabwera, mijigo inadzuka, anthu anasiya kubwera pageti paja. Ine ndinabwerera ku Pembamoyo. Kwa miyezi ingapo ndinkadzidzimuka m'mawa n'kuyamba kufunafuna makiyi a njinga, amayi anu n'kundikumbutsa kuti kulibe kopita. Titakolola, mayi Tembo, amene anapita nawo ku Chipata, anatumiza uthenga woti Adona afooka. Amayi anu ndiwo anati, "Pitani. Akakuthamangitsani mudzabwerera, msewu ndi womwewo." Anandimangira mtedza m'kathumba, ndinakwera minibasi paboma.

Ndinawapeza m'chipinda chaching'ono chaukhondo, pampando wawo womwe uja, atayang'ana khoma. Ndinagwada pakhomo n'kupereka moni. Sanatembenuke, ndipo ndinaganiza kuti sanandimve kapena sakufuna. Nditatsala pang'ono kudzuka, analankhula.

"Anthu aja anamwa?"

"Anamwa, Adona."

"Panafanso mwana wina?"

"M'midzi yotunga pampopi paja sitinaikenso mwana mpaka mvula."

Zala zawo zinayenda pamikanda yawo yopempherera. Kenako anati, "Ndiye munachita bwino. Koma musandipemphe kuti ndikukhululukireni, a Mbewe. Ndayesa. Ndapemphera. Zikukanika."

"Sindinabwerere zimenezo, Adona. Ndabwera kudzakuonani."

Pamenepo anatembenuka n'kundiyang'ana, koyamba chichokereni tsiku lija. Anati ndakalamba. Anaitana mayi Tembo kuti andipangire tiyi, ndipo anandiyang'anira mpaka nditamaliza. Potsanzika anati, "Mwezi wamawa mubwerenso. Kuno kulibe amene anagwira nawo ntchito amuna anga ali ndi mphamvu."

Ndinapita mwezi wotsatira, ndi winawo, ndi winawo. Tinkakamba za a Yusufu, za mitengo ya mtedza, za inu ana anga, amene ankakukumbukirani maina. Nthawi zina tinkangokhala, tonse awiri titayang'ana khoma lija. Za nyanja sitinazitchulenso. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo Faruki anandiimbira yekha. Kumanda ndinaima kumbuyo kwa amuna a chipembedzo chawo, ndipo atamaliza anandipatsa fosholo kuti nanenso ndithireko dothi.

Ana anga, anthu akamakuuzani kuti atate anu anapulumutsa mudzi, musavomere msanga, ndipo akamati anapha mayi wokalamba ndi chisoni, musakane msanga. Ine ndinalipo, ndipo zonse ziwiri ndimagona nazo. Adona anapita asanandikhululukire, inenso sindinapepese.